Momwe mungabwezeretsere mitengo yachilengedwe m'mbali mwa mtsinje wa m'dera lanu

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe, anthu a mu Blantyre anaona okha kuopsa kwa phiri lopanda mitengo. Ngati gulu lanu la kumpingo, kumzikiti kapena la achinyamata likufuna kuchitapo kanthu pa Mudi, Naperi kapena Lingadzi, ntchito yake imayenda chonchi.

Choyamba, kaonaneni ndi amfumu, akhansala ndi a kukhonsolo ya mzinda. Ngati malowo ali m'nkhalango yotetezedwa monga ya Ndirande, pitaninso ku ofesi ya zankhalango. Amene amalima m'mbali mwa mtsinjewo muwaitane ku msonkhano woyamba. Mukawalambalala, mbande zanu zidzathera ku khasu.

Chachiwiri, musathamangire kugula mbande. Yendani pamalopo muone zitsa. Mitengo yambiri yachilengedwe monga msuku, mombo ndi naphini ikadulidwa siifa, mizu yake imakhala ili moyo pansi. Pa chitsa chilichonse sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka ndi zamphamvu, zotsalazo mudule ndi chikwanje chakuthwa. Dulani mokweza m'mwamba kuti khungwa lisasendeke. Chitsa chotere chimakula msanga kuposa mbande chifukwa mizu yake inazama kale, ndipo simulipira ngakhale tambala. Magulu ambiri amadumpha gawoli poti siliwoneka bwino pa chithunzi cha pa Facebook, koma phindu lalikulu lili pomwepa.

Kenako tolani zinyalala mvula isanagwe: majumbo, mabotolo, matewera a ana. Valani magolovesi ndi magambutsi, ndipo gwirizanani ndi a khonsolo za galimoto yodzanyamula. Mulu mukausiya pagombe, mvula yoyamba idzaubwezera m'madzi.

Pomwe palibe zitsa mpomwe mudzale. Pafupi ndi madzi pamayenera mkuyu, katope, mwimbi ndi mbawa, komanso nsungwi. Bulugama ayi, amamwa madzi kwambiri. Pomwe gombe likugumuka dzalani udzu wa vetiva m'mizere yopingasa kuti ugwire dothi. Ofuna nazale yawoyawo afese mbewu m'machubu cha mu Ogasiti.

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, koma musadikire mpaka mu Malichi. Dzalani mu Disembala kapena Januwale nthaka itanyowa bwino, kuti mbande imwe mvula ya miyezi ingapo. Kumbani dzenje la masentimita 30 m'lifupi ndi kuya komwe, dothi lapamwamba lipite pansi, chubu muchotse, ndipo mutsendere dothi ndi phazi.

Ntchito yeniyeni imayamba mvula ikatha. Mu Meyi ndi Juni lambulani njira yotchinga moto kuzungulira malo onse, osaka mbewa asanayambe kutentha tchire. Palirani mozungulira mtengo uliwonse ndi kuphimbira ndi udzu wouma, koma usakhudze tsinde kuopa chiswe. Komwe kuli mbuzi, tchingani ndi minga. Banja lililonse lipatsidwe chigawo chake, mayina alembedwe m'kope, ndipo mu Okutobala lizithirira mitengo yake kamodzi pa sabata.

Mvula ikayambanso werengani mitengo yomwe yapulumuka, ndipo bwezerani m'mayenje momwe yafa musanatsegule malo atsopano.