Mimba ikadzaza madzi, musathamangire mphini

Pa ntchito yanga yoyendera makomo kuno ku Mulanje, pali chinthu chimene chimandipweteka mtima ndikachiona. Mumapeza bambo ali pakhonde, manja aonda, masaya alowa, koma mimba ili tuu ngati ya mayi woyembekezera wotopa. Akavundukula malaya, pamimba ponse pali mphini, zina zikuchucha. Mukafunsa za kuchipatala, abale amayankha kuti izi n'zochita kudyetsedwa, sizifuna jekeseni. Pofika tsiku loti amunyamule, miyezi yapita yambiri.

Abale anga, madzi amenewa ndi chizindikiro chabe, nthenda yeniyeni imakhala itabisala pena. M'thupi muli mipata imene mwachibadwa imakhala ndi timadzi tochepa tothandiza kuti ziwalo zisamakhulane: m'mimba momwe muli matumbo, pakati pa mapapo ndi nthiti, komanso m'kathumba kokuta mtima. Chiwalo china chikadwala, madzi amayamba kudzadza m'mipatamo. M'mimba mokha amatha kupitirira malita 5.

Madzi a m'mimba kawirikawiri amachokera ku chiwindi chimene chauma ndi zipsera, moti magazi sadutsamo bwino. Chimaumitsa chiwindi n'chiyani? Mowa wa zaka zambiri, makamaka kachasu, ndiye woyamba kutchulidwa. Koma musafulumire kunyoza wodwala kuti ndi chidakwa, chifukwa kachilombo ka Hepatitis B kamawononga chiwindi mwakachetechete ngakhale mwa munthu amene sanalawepo dontho. Palinso mtundu wa likodzo wokhala m'mitsempha ya m'matumbo, umene sukodzetsa magazi ayi, koma mazira ake amakatsakamira m'chiwindi. Amene timasamba, kuchapa ndi kuthirira madimba m'madzi odekha mokhala nkhono tisamazembe mankhwala a likodzo akabwera m'mudzi. Mtima wofooka, impso, khansa ndi TB nazonso zimatupitsa mimba.

Za pachifuwa ndiye zimatinyenga kwambiri kuno. Munthu akutsokomola chouma, akumva kubaya m'nthiti akamapuma, akuchita befu pokwera kamtunda ka m'munda wa tiyi kamene kale ankakwera dengu lili kumsana, ife n'kumati n'chiperoni. Chiperoni sichiondetsa munthu, sichitulutsa thukuta usiku. Kwathu kuno madzi ozungulira mapapo kapena mtima nthawi zambiri amabwera ndi TB, makamaka kwa amene ali ndi HIV. Dziwaninso kuti TB yotere nthawi zina sioneka m'makhololo, ndiye ngati anakuyezani n'kukuuzani kuti mulibe koma kubanika kukupitirira, bwereraninso. Mankhwala a TB ndi aulere, amamwedwa kwa miyezi 6, ndipo munthu amachira ndithu.

Kuchipatala dokotala amagogoda pamimba ndi pachifuwa, amajambula, kenako amatenga timadzi pang'ono ndi singano kukayeza. Ngati madzi achuluka mpaka kukubanikitsani, amawapopa. Ndimamva anthu akuopsezana kuti akakupopa ndiye basi, wapita. Si zoona. Kupopa kumapeputsa munthu kuti apume ndi kudya. Madzi akabwereranso, vuto si singano ija, koma nthenda imene ikuwabweretsa ikadalipo. Mphini ndiye sizifika n'komwe pamene pali madziwo; zimangotsegula khomo loti tizilombo tilowe pakhungu lotupa limene silipola msanga. Yambirani pachipatala chaching'ono cha kwanu, akakutumizani kuchipatala cha boma ku Mulanje kapena ku Thyolo, pitani tsiku lomwelo. Ena amapitirira mpaka ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo chimenecho si chizindikiro choti zalephereka.

Tsopano kwa inu osamalira wodwala pakhomo, makamaka amayi amene mumagwira mthiko. Mchere umasunga madzi m'thupi. Wodwala amene madzi ake akuchokera ku chiwindi kapena mtima asapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi kosasefukira, kuwerengera zonse zimene wadya. Mupatulireni ndiwo musanathire mchere. Soda wa m'therere nayenso amachita ngati mchere, chimodzimodzi timakyubu tokometsera ndiwo ndi nsomba zoumitsa ndi mchere. Ndikudziwa kuti ndiwo zopanda mchere n'zovuta kumeza, koma tomato, anyezi, nsinjiro ndi kandimu zimathandiza. Chakudya chokha musamumane poopa kuti mimba ikula. Amafunika nyemba, nandolo, mazira ndi nsomba zaziwisi, pang'onopang'ono koma kangapo patsiku.

Mowa asiyiretu, ngakhale wamasese. Asagule yekha pa golosale mankhwala opha ululu monga bulufeni, chifukwa amawononga impso za munthu wotere ndipo angayambitse kutaya magazi m'mimba. Mankhwala okodzetsa amene walandira amwe monga anauzidwira, makamaka kum'mawa kuti usiku agone, ndipo asagawireko mnzake wotupa miyendo. Wobanika mumutsamiritse pa mapilo kapena zofunda zopinda, asagone chagada. Tengani chingwe muziyeza mimba pamchombo m'mawa tsiku lomwelomwelo sabata iliyonse, muzimanga mfundo, mukamuonetse dokotala.

Akayamba kusanza magazi, kuchita chimbudzi chakuda bii, kutentha thupi mimba ikuwawa, kusokonezeka mutu kapena kugona kosadzutsika, kapenanso kubanika ali chikhalire, musadikire kuti kuche. Funani galimoto kapena njinga yamoto usiku womwewo.

Ndipo inu amayi a ana aang'ono, kuyambira 2002 katemera amene ana amabayidwa kusikelo ali ndi masabata 6, 10 ndi 14 amatetezanso ku Hepatitis B. Tsegulani buku la mwana wanu madzulo ano muone ngati onse atatu analembedwa. Ngati pali wotsala, bwerani naye kusikelo ikubwerayi tidzamalize.