Gilayinda yotchipa kapena ya dzina: yambani mwawerenga maola amene chidacho chizigwira

Ndikamayendera mashedi a amisiri ongoyamba kumene, funso limene sililephera kubwera ndi ili: "Alangizi, ndapezako kandalama. Ndigule gilayinda imodzi ya Makita, kapena ndigule zida zitatu zotchipa, gilayinda, drill ndi makina opalira matabwa, kuti ntchito iyambike?" Ine sindifulumira kuyankha. Ndimayamba ndafunsa kuti pa zida zitatuzo, n'chiti chimene chizilira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Wowotcherera zitsulo amene amapanga mageti, mafelemu a zitseko ndi zotchingira mawindo, gilayinda yake sipuma. Kudula ndi yomweyo, kusalaza powotcherera ndi yomweyo, kuchotsa dzimbiri ndi yomweyonso. Drill yake imatha masiku atatu ili m'bokosi, n'kungotuluka kukaboola timabowo tinayi ta loko. Kalipentala naye amadyera makina opalira ndi sowo, gilayinda amaigwira mwa apo ndi apo. Tsono chida chimene chimabweretsa ufa pakhomo tsiku ndi tsiku musachiumire ndalama. Chimene mumachigwira kamodzi pa sabata, chotchipa chikukwanirani, ndipo wina asakuchititseni manyazi nacho. Bambo amene akufuna drill yokhomera mashelefu kunyumba kwake alibe chifukwa chogulira ya amisiri.

Tsiku lina ndinakhala pansi ndi bambo wina wokonza mamota, atamasula magilayinda awiri akufa pathebulo pake. Kunja anali ofanana msinkhu, ndipo pa yotchipayo panalembedwa mawati ochuluka kuposa pa inzakeyo. Anandipatsa ma amecha onse awiri kuti ndinyamule (amecha ndi chitsulo chokulungidwa waya chimene chimazungulira m'kati mwa mota). Ya yotchipa inali yopepuka m'manja, waya wake wowonda, wakuda bii, fungo la kupsa likadalipo. Atapala wayayo ndi kampeni, kunsi kwa mtundu wa kopa kunaoneka zoyera. Anali aluminiyamu wongokutidwa pamwamba, ndipo waya wotere amatentha msanga kuposa wa kopa wa kukula komweko. Amecha inayo inali yolemera, waya wake atamupaka vanishi wokhuthala. Vanishiyo ali ndi ntchito: fani ya gilayinda ikamakoka mphepo yoziziritsa mota, imakokanso fumbi la zitsulo, ndipo fumbilo limapala waya pang'onopang'ono mpaka kuchita shoti.

Gilayinda ya dzinayo inali itangofa bering'i. Anaikamo ina, mwini wake n'kudzaitenga madzulo omwewo. Yotchipayo amecha yake sinapezeke paliponse, inangotsala yochotsako waya wa pulagi ndi timasikuluwu. Za mawati zija, dziwani kuti nambala yolembedwa pachida imanena magetsi amene chidacho chimadya, osati mphamvu imene imafika pa disiki. Ina imathera m'kutentha.

Apa ndiye pamene ndimafuna mumvetsetse. Chida chilichonse cha magetsi chimawonongeka, cha Bosch chomwe, cha DeWalt chomwe. Funso n'lakuti chikawonongeka chidzadzukanso kodi? Musanapereke ndalama mu shopu, funsani kuti, "Mabulashi a chida ichi muli nawo? Nanga switchi, amecha ndi magiya?" (Mabulashi ndi timakala tiwiri timene timakhudza amecha n'kumaipatsira magetsi.) Akati alipo, akuonetseni ndi maso, ndipo mufunse mtengo wake. Kenako pitani kwa wokonza mamota wa m'dera lanu mukamufunse mitundu imene amaikonza ikatheka ndi imene amaibweza. Iyeyo amaona matumbo a zida zimenezi tsiku lililonse, ndipo sakugulitsani kanthu.

Pachifukwa chimenechi zotchipa sindiziika m'dengu limodzi. Pali mitundu ya ku China monga Ingco ndi Total imene ili ndi dzina lakelake, ndipo kumene kuli ogulitsa okhazikika masipeya ake amapezeka. Zimenezi zimagwira ntchito yapakatikati bwinobwino mukamazipumitsa. Palinso zopanda mwini, dzina lake lero ili mawa lina, zimene zikafa mumangotaya.

Zoipitsitsa ndi za feki, zovala dzina la ena. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mtundu wa pulasitiki ndi womwewo, zilembo ndi zomwezo, koma mtengo ndi theka la umene uli kwa ogulitsa ovomerezeka, kapena kucheperapo. Mtengowo ndiwo chizindikiro choyamba. Onaninso kachikwangwani ka pachida: zilembo zikhale zooneka bwino, pakhale nambala ya mtundu wa chidacho ndi nambala yakeyake, zogwirizana ndi za pa katoni. Nyamulani mumve kulemera, gwirani waya wa pulagi muone ngati ndi wa labala wofewa kapena pulasitiki wouma. Wogulitsa akakana kulemba lisiti yokhala ndi nambala ya chidacho, bwezani ndalama m'thumba. Koma mawu akuti "Made in China" okha sakutanthauza feki ayi. Kampani ya Makita inayambira ku Nagoya m'dziko la Japan mu 1915, koma lero zida zake zambiri zenizeni zimapangidwa m'mafakitale ake a ku China.

Njira yapakati iliponso. Makita ili ndi gulu la zida zotsikirako mtengo lotchedwa MT, limene kale linkadziwika kuti Maktec. Bosch imasiyanitsa ndi mtundu: zobiriwira ndi za ntchito zapakhomo, za buluu ndi za amisiri. Chida cha dzina chogwirapo kale ntchito nachonso chimaposa chatsopano chopanda mwini, bola muchiyese musanalipire. Chilizeni, musuzumire m'timazenera ta kumbuyo. Timoto ting'onoting'ono pa mabulashi si vuto, koma moto ukamazungulira ngati mphete, amecha yatha. Chikamalira mokhotchola kapena shafiti ikamagwedera, ndi bering'i kapena magiya. Abale akakutumizirani chida kuchokera ku Joni, magetsi ake ndi ofanana ndi athu a 230V, mungosintha pulagi, osalowetsa mawaya osenda mu soketi. Cha ku America ndi cha 120V, ndipo zina za pa ntchito zomanga ku Britain, za pulagi yachikasu, ndi za 110V. Zimenezo mukazilumikiza ku magetsi a ESCOM popanda thiransifoma zimapsa nthawi yomweyo.

Zida za batire zikukopa ambiri chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi, ndipo kwa okhoma madenga kapena oika masola drill ya batire ndi yothandizadi. Kumbukirani kuti ndalama zambiri zili mu batire ndi tchaja, ndipo kawirikawiri batire ya kampani ina silowa pa chida cha kampani ina. Mukagula mtundu wopanda mwini, batire ikafa chida chonse chafa. Musapusitsidwenso ndi manambala. Yolembedwa 18V ndi yolembedwa 20V Max m'kati ndi chimodzimodzi, timabatire tisanu tolumikizana, kungoti ena amalemba mphamvu ya pamene yangochoka pa tchaja. Nambala ya Ah ndiyo imanena kutalika kwa nthawi imene igwire ntchito. Batire imadana ndi kutentha, musamaisiye pa malata dzuwa likuswa mtengo.

Pamene sindilola kuumira ngakhale pang'ono ndi pa madisiki. Gilayinda yaing'ono ya disiki ya 115 mm imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pa mphindi imodzi. Disiki yaikulu ya 230 mm inapangidwira liwiro la maulendo pafupifupi 6,600. Ndimaona anyamata akuchotsa chotchinga kuti disiki yaikulu, kapena yotsala ku gilayinda yaikulu, ikwane pa yaing'ono, ndipo mtima umandiwawa, chifukwa disiki ikasweka pa liwiro lotere zidutswa zake zimalowa m'nkhope ndi m'khosi. Werengani liwiro lolembedwa pa disiki, lisachepere la gilayinda yanu. Madisiki opangidwa motsata muyezo amakhala ndi deti lothera ntchito pa kachitsulo ka pakati, ndipo nthawi yake ndi zaka zitatu kuchokera pamene anapangidwa. Yopanda deti, yonyowapo kapena yong'aluka m'mphepete isiyeni. Disiki yopyapyala ndi yodulira basi, musasalazire m'mbali mwake. Magalasi oteteza maso muwagule tsiku lomwe mukugula gilayinda, zonse pa lisiti imodzi.

Zida zambiri zimene zimafika kwa okonza, zodula ndi zotchipa zomwe, zimakhala zaphedwa ndi kagwiridwe. Waya wa ekisitenshoni wowonda, wautali, wolumikizalumikiza amafooketsa magetsi, mota n'kumalira motopa ndi kutentha. Pa mtunda wautali gwiritsani waya wa 2.5 mm², ndipo mumutambasule yense, asakhale wokulunga. Magetsi akafooka, mababu akamaoneka ofiira, imani kaye. Jenereta ikhale ya mphamvu yoposa ya chidacho ndithu, pakuti polira poyamba chimakoka magetsi ambiri. Musakanikize chida mpaka kusintha kaliridwe. Chikatentha, chilizeni chopanda ntchito kwa mphindi imodzi kuti fani ichiziziritse musanachizimitse. Loweruka lililonse uzirani mpweya m'timazenera kuti fumbi lichoke, ndipo mabulashi akafupika sinthani onse awiri pamodzi asanayambe kukanda amecha.

Kwa inu amene mwangomaliza maphunziro a TEVETA kapena mwangochoka pa shedi ya abwana anu, ndipo ndalama sizikukwana chida cha dzina ngakhale chimodzi, musakhale pansi kudikira. Gulani chotchipa cha mtundu wodziwika, mugulirenso mabulashi apadera tsiku lomwelo. Pezani kope, mulembe tsiku logula, ndalama iliyonse yokonzetsera, ndi masiku amene ntchito inaima chifukwa chida chinali kwa okonza, pamodzi ndi oda imene inakudutsani. Pa geti kapena bedi lililonse limene mwagulitsa, patulani kandalama ka chida, kaya ku banki m'khonde kaya pa foni. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi tsegulani kopelo. Chida chimene chatchulidwa kawirikawiri m'menemo ndicho muyambe kusintha ndi cha dzina, ndipo chakalecho muchikonzetse chikhale chapadera m'bokosi.