Momwe mungaphunzirire mfundo za synovial ndi mavidiyo, pepala ndi mwendo wa mbuzi

Chigoba cha mafupa chimene chimaima pakona m'kalasi la anatomy chimangoonetsa theka la nkhani. Mafupa ake ndi ouma, omangidwa ndi waya, ndipo zinthu zimene zimachititsa mfundo, kutanthauza polumikizana mafupa, kukhala ya synovial, zomwe ndi chichereŵechereŵe, thumba lokuta mfundo ndi madzi oterera a mkati, palibe ndi chimodzi chomwe. N'chifukwa chake ophunzira unamwino ku Chipata, ku Mwami ndi ku St Francis ku Katete, pamodzi ndi a Giredi 12 okonzekera Biology ya ECZ, athamangira ku mavidiyo, poti vidiyo imaonetsa mfundo ikuyenda. Koma munthu atha kuonera maola atatu uku akugwedeza mutu, mukamupatsa pepala kuti ajambule bondo n'kumangoluma bolopeni. Maso okha sasunga anatomy. Vidiyo iyenera kugwira ntchito limodzi ndi pepala, thupi lanu ndi nyama ya kubutchala.

Dziwani zigawo musanatsegule vidiyo

Wophunzitsa wa mu vidiyo sadikira munthu, choncho lowani mukudziwa kale zigawo zisanu zimene mfundo iliyonse ya synovial ili nazo.

Kumapeto kwa mafupa okumanawo kuli articular cartilage, chichereŵechereŵe chosalala cha mtundu wa hyaline. Pabondo chimakhala chochindikala mamilimita 2 mpaka 4. Chilibe mitsempha ya magazi kapena yomvera ululu, ndipo zambiri zimene mudzafunsidwa pamayeso zimachokera pamenepa. Chimadya kudzera m'madzi a mu mfundo: mukaponda chimapanikizika n'kutulutsa madzi, mukanyamula mwendo chimayamwanso madziwo pamodzi ndi chakudya. Ndiye mfundo ikakhalitsa mu pulasitala wa POP osayenda, chichereŵechereŵe chimafooka, ndipo chikang'ambika sichipola msanga chifukwa magazi safikako.

Pakati pa mafupawo pali kampata kotchedwa joint cavity. Kampatako kakutidwa ndi thumba, capsule, lomwe lili ndi zikopa ziwiri. Chakunja ndi cholimba, chaulusiulusi, chimagwira mafupa kuti asalekane. Chamkati ndi synovial membrane, chopyapyala, chodzaza timitsempha ta magazi, ndipo ndicho chimapanga madzi a synovial. Madziwa ndi ochepa kwambiri. M'bondo la munthu wamkulu wabwinobwino safika mamililita 4, kutanthauza kuti sadzaza supuni ya tiyi. Amananda chifukwa cha hyaluronic acid, ndipo mukawatapa ndi zala amatamuka ngati therere.

Pojambula, ambiri amalakwitsa chinthu chimodzi: amadutsitsa synovial membrane pamwamba pa chichereŵechereŵe. Ayi. Imayala mkati mwa thumba n'kukathera m'mphepete mwa chichereŵechereŵe. Ikanati iziyala pamwamba pake, ikanaphwanyika pa sitepe yoyamba.

Zina monga meniscus (kapilo ka chichereŵechereŵe pakati pa mafupa), labrum (mkombero wa chichereŵechereŵe) ndi bursa (kathumba ka madzi) zimapezeka mu mfundo zina, osati zonse. Ligament imalumikiza fupa ndi fupa, tendon imalumikiza mnofu ndi fupa. Lembani chiganizo chimenechi pamwamba pa pepala lanu.

Kusankha vidiyo ndi kusamala bandulo

Pa YouTube pali aphunzitsi a mitundu itatu, ndipo ndi bwino kutenga vidiyo imodzi pa mtundu uliwonse. Armando Hasudungan amajambula ndi dzanja uku akufotokoza, ndiye ndi wabwino pophunzira kajambulidwe. AnatomyZone imazunguliza zithunzi za 3D, zomwe zimathandiza kuona kuti ligament yachoka pati ndipo yakathera pati. Sam Webster amanyamula zoumba za pulasitiki n'kumaloza ndi chala. Musapitirire mavidiyo atatu pa mfundo imodzi. Wachinayi amangobwereza zomwezo ndi mawu ena, inu n'kumaganiza kuti mukuphunzira pomwe mukungotha bandulo. Sankhani a mphindi 8 mpaka 15.

Pa 360p, ola limodzi limadya cha m'ma 300 MB, koma zilembo zolozera zigawo zimaoneka mwachimbuuzi. Pa 720p limatha kupitirira 1 GB. Pa anatomy, 480p ndiye yapakati yabwino. Ngati pulogalamu ya pafoni yanu ikulola kusunga vidiyo, sungani pamene muli pa Wi-Fi kapena ndi bandulo ya usiku, ndipo tchajani foni malaiti akadalipo. Yatsani CC kuti mawu aziwonekera pansi, chifukwa dzina ngati acetabulum mukangolimva ndi khutu mudzalilemba molakwika pamayeso.

Onerani katatu, mosiyana

Ulendo woyamba onerani yonse osagwira cholembera. Ulendo wachiwiri chepetsani liwiro lifike pa 0.75, muziimitsa dzina latsopano likatchulidwa, n'kulijambula pamalo pake papepala la A4. Musalembe manotsi a ziganizo, jambulani. Ulendo wachitatu zimitsani mawu, inuyo mukhale mphunzitsi, muzitchula mokweza chilichonse chimene chikuoneka. Pamene lilime lakakamira, lembani mphindi yake, mwachitsanzo 6:40, kuti mudzabwerere pomwepo basi.

Nthawi iliyonse chithunzi chikasintha, dzifunseni kaye kuti mukuyang'ana kutsogolo kapena kumbuyo, mwendo wamanja kapena wamanzere. Apa ndi pomwe ambiri amasokonekera, chifukwa munthu akakuyang'anani, dzanja lake lamanja limakhala kumanzere kwanu. Pabondo funani fibula, fupa lowonda lija: nthawi zonse limakhala kunja, mbali ya lateral. Pamkono, radius imakhala mbali ya chala chachikulu. Dziwaninso kuti mitundu ya mu 3D ndi yongopeka. Chichereŵechereŵe amachipaka buluu kuti chioneke, pomwe chenicheni ndi choyera, chonyezimira.

Bondo liphunzireni mpaka pansi

Ngati nthawi ndi yochepa, ithereni pabondo, chifukwa lili ndi pafupifupi chilichonse chimene mfundo zina zili nacho. Mafupa ake ndi atatu: femur (fupa la ntchafu), tibia (fupa lalikulu la kumunsi kwa bondo) ndi patella (kafupa ka kutsogolo kwa bondo). Fibula siili nawo mu mfundo ya bondo, imangolumikizana ndi tibia chapansi pang'ono.

Pamwamba pa tibia pali ma meniscus awiri a fibrocartilage. Yamkati, medial, imaoneka ngati chilembo C, yakunja ndi yozungulirako. Yamkati yamatirira ku medial collateral ligament, choncho siitha kuthawa bondo likapotoka, ndipo ndi imene imang'ambika kawirikawiri. Yakunja ndi yomasuka ku lateral collateral ligament. Pakati pa bondo pali ma ligament awiri opingasana: yakutsogolo, anterior cruciate ligament (ACL), ndi yakumbuyo, posterior cruciate ligament (PCL). ACL imaletsa tibia kutsetserekera kutsogolo, PCL imailetsa kubwerera kumbuyo. Wosewera mpira pa David Kaunda Stadium akatembenuka mwadzidzidzi phazi lili chipondere, ACL ndi imene imaduka, ndipo bondo limatupa pasanathe maola ochepa chifukwa magazi adzaza mu joint cavity. Funso lokola anthu ndi ili: ACL ndi PCL zili mkati mwa capsule koma kunja kwa synovial membrane. Bwerezani gawo limenelo la vidiyo mpaka muone mmene membrane ikuzilambalalira.

Tsopano imitsani vidiyo, khalani pampando, bondo lipindike madigiri 90. Gwirani patella, tsikani ndi chala pa patellar ligament mpaka mufike pa kachotupa ka fupa, tibial tuberosity. Mbali zonse ziwiri za ligament imeneyi kuli timaenje tofewa, pamenepo ndiye pamzere wa mfundo. Chakunja, chapansi, mupeza mutu wa fibula. Ikani kakolo pa bondo linalo, bondo lopindikalo ligwere kunja, ndipo lateral collateral ligament muimva itakungika kuchokera pamutu wa fibula kukwera ku femur.

Mwendo wa mbuzi

Pitani kubutchala ku Kapata kapena ku Saturday Market mu Chipata m'mawa, nyama isanadulidwe. Pemphani mwendo wakumbuyo. Samalani apa: chimene anthu amachitcha bondo pa mwendo wakutsogolo wa mbuzi kwenikweni chimafanana ndi mfundo ya dzanja lathu. Bondo lenileni lili pa mwendo wakumbuyo, m'mwamba, pafupi ndi mimba. Auzeni odulawo kuti asateme pa mfundo, asiye fupa la masentimita 10 uku ndi uku. Ikhale nyama ya tsiku lomwelo ndiponso yoyezedwa. Ya chiweto chofa chokha musaigwire n'komwe, anthrax si nthabwala. Mbuzi ikavuta, mfundo ya pakati pa ntchafu ndi mwendo wa nkhuku imaonetsa zomwezo, kungoti n'zazing'ono.

Valani magolovesi, tengani lezala latsopano kapena mpeni wakuthwa, ndi mbale yafulati. Sendani minofu pang'onopang'ono mpaka thumba loyererako lionekere. Minofu yochotsayo ndi ndiwo, siitayika. Musanaboole, pindani ndi kuwongola mfundoyo kangapo, muone thumba likukungika mbali imodzi n'kukhwefuka mbali inayo. Kenaka dulani tendon ya pamwamba pa patella, mupindire patella pansi. Timadzi tochepa tituluka, titapeni pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala muone kutamuka kwake. Sisitani chichereŵechereŵe, kenaka sisitani fupa pamene chathera, mumve kusiyana kwake.

Pindani bondolo kwambiri ndipo ma ligament opingasana aonekera m'kati. Gwirani femur, kankhirani tibia kutsogolo: ikana. Dulani ligament yakutsogoloyo, kankhaninso: itsetsereka. Chimene mwachitacho ndi chomwe dokotala amayesa pa anterior drawer test, ndipo amene wachimva ndi manja ake safunanso kuchiloweza. Mukatha sambani ndi sopo.

Mitundu isanu ndi umodzi, pathupi panu

Osailoweza pamndandanda, iyendetseni. Hinge imangopinda ndi kuwongoka: chigongono, chomwe chimapinda madigiri pafupifupi 145, ndi mfundo za pakati pa zala. Pivot imazungulira: pukusani mutu mokana, atlas, fupa loyamba la khosi, ikuzungulira pa axis, lachiwiri, kapena tembenuzani chikhatho, mutu wa radius ukuzungulira pa ulna. Condyloid imayenda mbali ziwiri koma siizungulira payokha, monga mfundo ya dzanja ndi pamene zala zayambira. Saddle ili patsinde pa chala chachikulu, ndiyo imakulolani kukhudza kachala kakang'ono. Plane imangotsetsereka pang'ono, monga pakati pa timafupa ta dzanja ndi pamwamba pa phewa, pamene clavicle yakumana ndi acromion. Bondo amaliika pa hinge, komabe likapindika limazungulira pang'ono.

Ball and socket ili paphewa ndi m'chiuno, ndipo ziwirizi muzionere pa tsiku limodzi kuti muziyerekeze. Glenoid, kambale ka phewa, ndi yosaya, imagwira kagawo kochepa ka mutu wa humerus, ndiye phewa limadalira labrum ndi minofu inayi ya rotator cuff: supraspinatus, infraspinatus, teres minor ndi subscapularis. Limayenda kwambiri, komanso limaguluka msanga, kawirikawiri chakutsogolo. Acetabulum ya chiuno ndi yakuya, yomangidwa ndi ma ligament amphamvu, ndipo siiguluka popanda ngozi yaikulu. Ikani chikhatho pa scapula, fupa lakumbuyo kwa phewa, ya mnzanu pamene akukweza mkono cham'mbali. Pa madigiri 180 amene mkono umakwera, pafupifupi 120 amachokera pa mfundo ya phewa, 60 pa kuzungulira kwa scapula.

Chigawo chilichonse chili ndi matenda ake

Anthu amangoti nyamakazi, koma inu muzifunsa kuti chawonongeka ndi chigawo chiti. Mu osteoarthritis chichereŵechereŵe chaperepeseka. Pa X-ray chichereŵechereŵe sichioneka, choncho mpata umene mumauona pakati pa femur ndi tibia si wopanda kanthu, ndi chichereŵechereŵe chomwecho. Mpatawo ukachepa ndiye kuti chatha. Mu rheumatoid arthritis yatupa ndi synovial membrane, makamaka mu mfundo zing'onozing'ono za manja onse awiri, ndipo m'mawa zimauma kwa nthawi yaitali. Mu gout timibulu ta uric acid taunjikana mu mfundo, kawirikawiri patsinde pa chala chachikulu cha kuphazi.

Mfundo imodzi yotentha, yotupa, yosalola kuyendetsedwa, munthu uku thupi latentha, ikhoza kukhala septic arthritis, ndipo mafinya amawononga chichereŵechereŵe m'masiku ochepa. Wotero apite kuchipatala tsiku lomwelo. Madzi abwinobwino amakhala ndi maselo oyera osakwana 200 pa microlitre, pomwe a mfundo yolowa majeremusi kawirikawiri amapitirira 50,000. Mwana wotsimphina akamaloza bondo, yezaninso chiuno, chifukwa femoral nerve ndi obturator nerve zimatumikira mfundo zonse ziwiri. Kwa odwala sickle cell izi n'zofunika kwambiri, poti magazi opita kumutu wa femur amatha kutsekeka fupalo n'kuyamba kufa.

Kudziyesa

Mawa lake tengani pepala loyera, foni ili m'thumba, mujambule bondo lakumanja kuchokera kutsogolo ndi zigawo zosachepera khumi. Fananitsani ndi vidiyo, zimene mwaphonya muzilembe ndi bolopeni yofiira. Bwerezani pakatha masiku atatu, kenaka pakatha sabata. Ngati muli pagulu la anthu anayi, gawanani bondo, phewa, chiuno ndi chigongono, aliyense aphunzitse anzake kwa mphindi khumi akuloza pathupi la mnzake, enawo azimufunsa kuti ligament imeneyi ikaduka fupa lipita kuti. Vidiyo muzingoitsegula pa mphindi imene gulu lasemphana mayankho.