Yesani Kaye Mabakiteriya Musanapopere Surfactant m'Chitsime cha Mafuta

Ngakhale mupope madzi zaka zambiri kuti akankhe mafuta m'miyala ya pansi, nthawi zambiri otsala amaposa theka la omwe analipo poyamba. Amakanirira m'timabowo ta miyala, chifukwa mphamvu yokokana pamalire a madzi ndi mafuta ndi yaikulu, pakati pa 20 ndi 30 mN/m (muyeso wa mphamvu yokokanayo). Mankhwala otchedwa surfactant amachita zomwe sopo amachita pa dzanja la girizi: amaitsitsa mphamvuyo mpaka 0.001 mN/m, timadontho ta mafuta n'kumasuka. Ku Daqing, m'dziko la China, njirayi anayamba kuiyesa m'zaka za m'ma 1990 pophatikiza alkali (mankhwala otsutsana ndi asidi) ndi polima (mankhwala okhuthalitsa madzi), ndipo mafuta anawonjezekadi. Koma m'miyalamo muli zamoyo. Pomwe kutentha sikupitirira madigiri 80, mabakiteriya amakhalamo, ndipo chilichonse chomwe mwapopa chimakawapeza.

Kwa mabakiteriya, surfactant ndi poizoni komanso ndi chakudya, ndipo chosiyanitsa ndi mlingo. Pafupi ndi chitsime chopopera, pomwe mankhwala ali pa 0.2 mpaka 1 peresenti, amang'amba khungu la maselo ndi kusenda utatautata womwe mabakiteriya amamata pamiyala. Mukayeza pamenepo mudzapeza kuti mabakiteriya achepa, n'kuganiza kuti nkhondo yatha. Komatu mankhwalawo akamalowa mkati, ena amamatirira pamwala, ena amasungunuka m'madzi omwe analimo kale. Kutsogoloko mlingo umatsika mpaka sungaphenso kanthu, ndipo mankhwala otsalawo amayamba kudyedwa. Alkali nayenso chimodzimodzi: pH yake (muyeso wa mphamvu ya asidi kapena alkali) ndi yokwera pachiyambi, koma mwala umaitsitsa mtunda ukamatalika.

Oopsa kwambiri ndi mabakiteriya odya sulfate (mtundu wina wa mchere wosungunuka m'madzi), monga Desulfovibrio. Amenewa amasandutsa sulfate kukhala hydrogen sulfide (H2S), mpweya wonunkha dzira lowola umene umapha anthu, kung'alula zitsulo ndi kupanga iron sulfide wakuda wotseka timabowo. Ngati mumapopa madzi a m'nyanja yamchere, dziwani kuti lita iliyonse ili ndi sulfate pafupifupi 2,700 mg. Chimene mabakiteriyawa amasowa kawirikawiri ndi chakudya cha kaboni, ndiye inu mukawapititsira surfactant wophwanyika msanga, pamodzi ndi alkoholo wothandiza kusungunula monga isobutanol, mwawakonzera zonse. Mafuta omwe mwamasula nawonso amakhala osavuta kuwadya.

Choncho mayeso a surfactant m'madzi amchere ndi pa chidutswa cha mwala, omwe aliyense amachita, sakwanira. Tengani madzi pachitsime chopopera ndi chotulutsira mafuta, m'mabotolo owiritsidwa, odzaza mpaka kukamwa kuti mpweya usalowe. Palaninso zomata mkati mwa paipi, poti mabakiteriya ambiri amakhala pamenepo, osati m'madzi oyenda. Gawani madziwo m'mabotolo angapo: lina lopanda mankhwala, lina la mlingo wonse womwe mukufuna kupopa, ena a gawo limodzi mwa magawo 10, ndi limodzi mwa magawo 100. Konzaninso botolo lomwe mwapheramo zamoyo zonse, kuti muthe kusiyanitsa zomwe zadyedwa ndi zomwe zangowonongeka ndi kutentha. Sungani onse pa kutentha kwa m'miyala yanu, popanda okisijeni, masiku osachepera 28, mukumayeza sulfide, sulfate wotsala ndi mphamvu yokokana ija. Botolo loyenera kuliyang'anitsitsa ndi la gawo limodzi mwa magawo 100 lija. Likada, kapena mphamvu yokokana ikayamba kukwera, mankhwala anu akudyedwa. Kuwerenga mabakiteriya pongowamereza m'mabotolo kumaphonya ambiri, ndiye ngati n'kotheka onjezani qPCR, njira yowerengera mabakiteriya poyeza DNA yawo, yofufuza jini ya dsrAB ya odya sulfate.

Posankha mtundu, kumbukirani kuti surfactant wa gulu la sulfate amaphwanyika kutentha kukapitirira pafupifupi madigiri 60, ndipo mabakiteriya ena ali ndi ma enzaimu odula sulfate wake. Wa gulu la sulfonate amalimba. Pa miyala ya mchenga gwiritsani ntchito wa chaji yamagetsi yochotsera (negetivu), chifukwa samatirira kwambiri. Pa miyala ya laimu wotereyu amamatirira n'kutayika wambiri. Madzi a kashiamu ndi maginiziyamu wochuluka afewetseni kaye. Polima wa xanthan ndi chakudya chenicheni cha mabakiteriya, pomwe polima wina wotchedwa HPAM sadyeka msanga, ngakhale amasanduka wamadzimadzi akakumana ndi sulfide kapena chitsulo chosungunuka pomwe pali okisijeni.

Anthu ambiri amalakwitsa pa mankhwala ophera tizilombo. Benzalkonium chloride ndi anzake ali ndi chaji yophatikiza (pozitivu), ndiye akakumana ndi surfactant wa chaji yochotsera amagwirana n'kukhala zinsenga, onse awiri n'kutha ntchito. Glutaraldehyde amafooka akasakanikirana ndi bisulfite wochotsera okisijeni, choncho muziwathira malo otalikirana. Musanapope chilichonse, sakanizani m'botolo mankhwala onse m'madzi enieni a pamalopo, mudikire tsiku limodzi kapena awiri. Akachita mbuu, asalowe m'chitsime. Ophera tizilombowo muziwathira mwamphamvu kwa maola ochepa nthawi ndi nthawi, osati pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo muyambe kutsuka matanki ndi mapaipi surfactant asanafike, chifukwa utatautata womwe adzasende udzakatseka pakamwa pa mwala.

Kumene mankhwala ophera tizilombo safika, nitrate amathandiza. Amadyetsa mabakiteriya ena omwe amalanda chakudya cha odya sulfate, n'kutulutsa nitrite amene amawafooketsa. Ku Gullfaks, m'nyanja ya North Sea kumbali ya Norway, anayamba njirayi mu 1999 ndipo H2S anatsika. Koma mukasiya kuthira, vuto limabwerera, komanso mabakiteriya ochulukawo angathe kudya surfactant wanu mofulumira, ndiye nitrate naye alowe m'mayeso a m'mabotolo aja.

Ena amasankha surfactant wopangidwa ndi mabakiteriya, monga rhamnolipid wa Pseudomonas aeruginosa kapena surfactin wa Bacillus subtilis. Amenewa sawononga chilengedwe kwambiri chifukwa amawola msanga, ndipo pansi pa nthaka kuwola msangako ndiye vuto lake.

Mukayamba kupopa, yezani H2S pachitsime chotulutsira sabata iliyonse, ndipo pitirizani miyezi yambiri mankhwala atatha, chifukwa mwala wachitsulo umayamba wameza sulfide asanaonekere kumtunda. Ogwira ntchito avale makina ochenjeza. Mphuno siyodalirika: H2S akafika pafupifupi 100 ppm (magawo 100 mwa magawo miliyoni imodzi a mpweya), munthu amasiya kumva fungo lake.