Kukonza za maliro anu mukadali moyo

Mwafunsa kuti mungawauze bwanji abale za maliro anu popanda kuoneka ngati mukudziitanira imfa. Chitani motere.

Choyamba, sankhani kumene mudzagone: kumudzi kwa amayi anu, kuchikamwini kumene mwakhala zaka zonsezi, kapena manda a m'tauni. Apa m'pamene ndaona abale akukangana kwambiri, thupi lili kunyumba ya chisoni, galimoto ikudikira panja, mayi wamasiye akungolira osafunsidwa. Choncho aitaneni amalume, eni mbumba, muwauze pamaso pa akazi anu ndi ana, onse atakhala pamodzi. Ngati ndi kumudzi, amfumu adziwe, poti ndiwo amapereka malo kumanda.

Chachiwiri, lembani wilo. Lamulo la ku Malawi la mu 2011 limafuna kuti muisayine pamaso pa mboni ziwiri. Mbonizo zisakhale anthu amene mwawagawira katundu.

Kenako ndalama: bokosi, galimoto, ufa ndi nkhuni za pasiwa, chakudya cha adzukulu. Ngati muli ku Joni, lowani gulu la maliro, chifukwa kubweretsa thupi kumudzi kumadula zedi. Mwana mmodzi mumuonetse pamene mwasunga mapepala.

Za nyimbo ndi mwambo wa mapemphero, kambani ndi abusa Lamulungu lomwe lino.