Kusankha mtundu wa opaleshoni yochepetsa thupi pamene muli ndi matenda a shuga

Munthu wonenepa kwambiri amene wakhala akumwa metformin kwa zaka zingapo, mwinanso wayamba kudzibaya insulin, koma shuga wake sakutsikabe, akamva za opaleshoni yochepetsa thupi kawirikawiri amayamba ndi mafunso awiri: kuti iwononga ndalama zingati, ndiponso kuti adzatsika ndi makilogalamu angati. Mafunsowa ndi oyenera, koma kwa wodwala shuga si amene ayenera kutsogola. Maopaleshoniwa alipo amitundu ingapo, amasiyana mphamvu pa shuga, ndipo amasiyananso pa zimene amafuna kuti inu muzichita kwa moyo wanu wonse. Choncho musanasankhe, dziwani bwino pamene matenda anu afika, komanso chisamaliro chimene mudzakwanitse kuchipeza kumene mukukhala, dokotala amene anakuchitani opaleshoniyo ali kutali.

Choyamba ndi kutsimikiza mtundu wa shuga amene muli naye. Opaleshoni imathandiza kwenikweni pa shuga wa mtundu wachiwiri, amene thupi limapanga insulin koma silikuimvera bwino. Pa shuga wa mtundu woyamba, kapamba anasiya kupanga insulin, ndipo ngakhale munthu atachepa thupi chotani, jakisoni sangamusiye. Pali akuluakulu ena amene anauzidwa kuti ali ndi mtundu wachiwiri pamene matenda awo ndi a mtundu woyamba wobwera pang'onopang'ono. N'chifukwa chake ngati mwakhala pa insulin nthawi yaitali, kapena munayamba kudwala muli wamng'ono, pemphani kuti akuyezeni magazi kuti aone C-peptide, chifukwa kuyeza kumeneku ndi kumene kumasonyeza ngati kapamba wanu akadali ndi mphamvu.

Pa nkhani ya amene akuyenera opaleshoni, madokotala amagwiritsa ntchito muyezo wa BMI, umene umapezeka pogawa kulemera kwa munthu m'makilogalamu ndi kutalika kwake m'mamita, kenako n'kugawanso ndi kutalika komweko. Munthu wotalika mamita 1.65 amene akulemera makilogalamu 100 ali ndi BMI ya pafupifupi 37. Akatswiri amene anakumana ku London mu 2015 anatulutsa malangizo mu 2016 onena kuti wodwala shuga wa BMI ya 40 kapena kuposa apo alangizidwe za opaleshoni, chimodzimodzinso wa BMI ya 35 mpaka 39.9 ngati shuga wake sakugonjera mankhwala, ndipo kuti wa BMI ya 30 mpaka 34.9 akhoza kuganiziridwa ngati mapiritsi ndi jakisoni zalephera. Mu 2022 mabungwe a madokotala ochita maopaleshoniwa, ASMBS ndi IFSO, anatsitsanso malirewo, n'kunena kuti opaleshoni ndi yoyenera kuyambira pa BMI ya 30 kwa amene ali ndi shuga wa mtundu wachiwiri.

Maopaleshoni amene mudzawamve kwambiri ndi awiri, ndipo onse amachitika kudzera m'timabowo ting'onoting'ono pamimba, dokotala akuyang'ana pa kamera. Yoyamba ndi sleeve gastrectomy, imene anthu amangoitchula kuti sleeve. Apa dokotala amadula ndi kuchotseratu pafupifupi magawo anayi mwa magawo asanu a chifu, n'kusiya kachifu kakatali kooneka ngati nthochi. Matumbo sakhudzidwa, ndipo chakudya chimayenda njira yake yakale. Mbali imene imachotsedwayo ndi imene imapanga gawo lalikulu la ghrelin, homoni yoyambitsa njala, motero munthu amakhuta msanga ndipo njala imachepa. Chifu chimene chachotsedwa sichibwezeretsedwa.

Yachiwiri ndi Roux-en-Y gastric bypass, kapena kuti bypass. Dokotala amapanga kathumba ka mamililita pafupifupi 30 kumtunda kwa chifu, n'kukalumikiza ku matumbo aang'ono chakutsogolo, kotero kuti chakudya chimalambalala chifu chotsalacho ndi chigawo choyamba cha matumbo. Chakudya chikafika msanga kumunsi kwa matumbo, thupi limatulutsa homoni yotchedwa GLP-1 yochuluka, imene imalimbikitsa kapamba kutulutsa insulin pa nthawi yake. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene odwala ambiri amaonera shuga wawo atatsika m'masiku ochepa chabe, thupi lisanayambe n'komwe kuchepa, monga mmene dokotala Walter Pories wa ku America anafotokozera mu 1995.

Palinso ina yotchedwa duodenal switch ndi inzake SADI-S, zimene zimalambalalitsa chakudya gawo lalikulu la matumbo. Pa shuga ndi zamphamvu kuposa zonse, koma ndi zimenenso zimabweretsa kunyentchera ndi kutsegula m'mimba kuposa zonse, ndipo sindingazilangize kwa munthu amene sakhala pafupi ndi chipatala chozolowera kusamalira odwala otere. Lamba womangidwa pachifu, gastric band, anatchuka zaka zapitazo koma madokotala ambiri anamusiya, popeza mphamvu yake pa shuga ndi yochepa ndipo odwala ambiri amabwereranso kukamuchotsa.

Tsono pakati pa sleeve ndi bypass, kafukufuku akuti chiyani? Ku Cleveland Clinic ku America, madokotala motsogozedwa ndi Philip Schauer anagawa mwamaere odwala shuga 150 m'magulu atatu pa kafukufuku wotchedwa STAMPEDE. Zotsatira za zaka zisanu, zimene zinatuluka mu 2017, zinasonyeza kuti amene anafika pa HbA1c ya 6 peresenti kapena kutsikirapo anali 29 pa 100 aliwonse mwa a bypass, 23 pa 100 mwa a sleeve, ndi 5 pa 100 mwa amene ankangolandira mankhwala. HbA1c ndi muyezo wosonyeza mmene shuga wakhalira m'magazi pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Ku Norway, kafukufuku wa Oseberg wa mu 2019 anapeza kuti patatha chaka chimodzi, pafupifupi atatu mwa anayi a bypass shuga wawo anali atakhazikika popanda mankhwala, pamene mwa a sleeve anali pafupifupi theka. Akafukufuku ena ku Finland ndi ku Switzerland sanapeze kusiyana kwakukulu chotere pa shuga. Tikaphatikiza zonsezi, bypass ili patsogolo pang'ono, koma onaninso kuti ngakhale ku Cleveland komweko, ambiri sanafike pa muyezo uja patatha zaka zisanu, ngakhale kuti shuga wawo anatsika ndithu ndipo mankhwala anachepa. Aliyense amene angakulonjezeni kuti shuga adzatheratu mpaka kalekale akulonjeza chimene sangachitsimikize.

Chimene chimathandiza kwambiri posankha ndi msinkhu wa matenda anu. Mu 2017 dokotala Ali Aminian ndi anzake a ku Cleveland anakonza njira yogawira odwala poona zinthu zinayi: zaka zimene munthu wadwala shuga, kuchuluka kwa mitundu ya mankhwala amene akumwa, ngati akubaya insulin, ndi mmene HbA1c yake ilili. Anapeza kuti amene matenda awo sanapite patali, monga wodwala zaka zochepa yemwe akungomwa metformin, maopaleshoni onse awiri amawathandiza bwino. Amene ali pakati, bypass inawathandiza kuposa sleeve moonekeratu. Koma amene adwala zaka zambiri, akubaya insulin ndipo shuga akadali wokwera, mwayi woti asiyiretu mankhwala unali wochepa pa onse awiri, chifukwa kapamba anatopa kale. Mfundo yomalizayi ambiri imawadabwitsa, popeza amaganiza kuti matenda aakulu amafuna opaleshoni yaikulu. Kwa munthu wotereyu, makamaka ngati mtima kapena impso zafooka, sleeve ikhoza kukhala yanzeru chifukwa ndi yaifupi komanso yosavuta kuipirira, ndipo phindu lake ndi kuchepetsa insulin, kutsitsa kuthamanga kwa magazi ndi kupeputsa mawondo. Zikutanthauzanso kuti kuchedwa, n'kumati opaleshoni ndi njira yomaliza zonse zikakanika, kumachepetsa phindu lake.

Matenda ena amene muli nawo akhoza kusankha m'malo mwanu. Ngati mumavutika ndi chilungulira kawirikawiri, dziwani kuti sleeve imachikulitsa, ndipo imachiyambitsanso mwa ena amene analibe, pamene bypass nthawi zambiri imachithetsa. N'chifukwa chake ndi bwino kuti akuunikeni kummero ndi m'chifu ndi kamera musanasankhe, ndipo akapeza kachilombo ka H. pylori, kamene kamayambitsa zilonda za m'mimba, mulandire mankhwala ake kaye. Kumbali ina, ngati mumadalira brufen, diclofenac kapena mankhwala ena a mtundu umenewo chifukwa cha nyamakazi kapena msana, bypass si yabwino kwa inu, chifukwa mankhwalawa amabowola chilonda pamalo olumikizidwa paja. Fodya amachitanso chimodzimodzi, ndipo ayenera kusiyidwa milungu ingapo opaleshoni isanachitike, osadzayambiranso. Mowa umalowa m'magazi mofulumira kwambiri pambuyo pa bypass, ndipo ena amene ankangolawa amasanduka zidakwa. Amene anadwalapo miyala ya mu impso adziwenso kuti bypass imawonjezera mwayi woti ibwerenso.

Pali vuto lina la bypass limene wodwala shuga ayenera kulimvetsa bwino. Mukamwa zotsekemera monga Fanta, Sobo kapena thobwa lothira shuga wambiri, zimatsikira m'matumbo nthawi imodzi, ndipo mumamva nseru, thukuta, mtima kugunda ndi chizungulire. Mwa ena, makamaka patatha chaka kapena kuposerapo, shuga amagwa kwambiri ola limodzi mpaka atatu atadya, chifukwa thupi latulutsa insulin yopitirira muyeso. Kwa dalaivala wa basi kapena lole, kapena wogwira ntchito pamakina, ichi n'chofunika kuchikambirana ndi dokotala mosabisa.

Tsopano nkhani imene ndimaiona kuti ndi yolemera kuposa zonse kwa anthu akwathu. Amene ali ku Britain ndipo alandira opaleshoni kudzera ku NHS, zipatala za boma za kumeneko, amakhala ndi gulu la madokotala ndi akatswiri a zakudya lowatsatira. Koma amene anyamuka ku Lilongwe, Blantyre, Chipata kapena Tete kukachitidwa opaleshoni ku Johannesburg kapena ku India amabwerera kwawo patapita masiku owerengeka, ndipo zonse zotsala zimagwera iwo ndi chipatala chapafupi. Pambuyo pa bypass thupi silitenga bwino ayironi, kashiamu, vitamini B12 ndi vitamini D, ndipo mavitamini owonjezera ayenera kumwedwa tsiku lililonse kwa moyo wonse, magazi n'kumayezedwa kangapo m'chaka choyamba kenako chaka ndi chaka. Metformin nayenso amachepetsa B12, ndipo kuchepa kwa B12 kumabweretsa dzanzi m'mapazi lofanana ndi la shuga, moti n'kosavuta kulinyalanyaza mpaka mitsempha itawonongeka. Kusanza kosalekeza kumatha kumaliza vitamini B1 m'milungu yochepa n'kuwononga ubongo, ndipo kupweteka kwa m'mimba kwadzidzidzi, ngakhale patatha zaka, kukhoza kukhala kupotana kwa matumbo kofuna opaleshoni usiku womwewo. Sleeve nayonso imafuna mavitamini ndi kuyezedwa, koma kupotana kwa matumbo kotere sikuchitikachitika. Ngati mukudziwa mumtima mwanu kuti ndalama za mavitamini sizidzapezeka mwezi uliwonse, kapena kuti chipatala chokhala ndi dokotala wa maopaleshoni chili kutali ndi kwanu, muuzeni dokotala zimenezi asanakulembereni tsiku, chifukwa zikhoza kusintha chisankho chonse.

Amene akumwa ma ARV asabise. Maopaleshoniwa akhoza kusintha mmene mankhwala ena amalowera m'thupi, ndipo ayironi ndi kashiamu zimagwira dolutegravir, mmodzi mwa ma ARV, m'matumbo zikamwedwa pamodzi popanda chakudya, choncho a kuchipatala cha ma ARV akonze nthawi yomwera ndi kuyeza kuchuluka kwa kachilombo m'magazi pambuyo pa opaleshoni. Amayi a msinkhu wobereka amalangizidwa kudikira miyezi 12 mpaka 18 asanatenge pakati, ndipo popeza kuchepa thupi kumabwezeretsa mphamvu yobereka mofulumira, kulera kuyambe opaleshoni isanachitike. Pambuyo pa bypass mapiritsi olerera sadalirika kwenikweni, ndipo lupu kapena kachipangizo ka pamkono ndi njira zabwinopo.

Kadyedwe kamasinthiratu pa mtundu uliwonse. Milungu yoyamba ndi ya zamadzimadzi, kenako zofewa, ndipo pambuyo pake mbale yanu idzayamba ndi ndiwo, nsima n'kubwera pomaliza, kachidutswa kakang'ono. Thupi limafuna zakudya zomanga thupi zosachepera magalamu 60 patsiku, ndipo mazira, usipa, nyemba, soya, nkhuku ndi chambiko ndi zimene zingakwaniritse zimenezo. Madzi amwedwe pang'onopang'ono pakati pa chakudya ndi chinzake, osati pamodzi ndi chakudya. A pakhomo amve zimenezi pasadakhale, kuti asamadzakukakamizeni kudya poganiza kuti mukudwala.

Mankhwala a shuga musawasinthe nokha. Glibenclamide ndi insulin zikapitirira pa mlingo wakale munthu akudya pang'ono chotere, shuga amagwa moopsa, choncho mutuluke m'chipatala ndi ndondomeko yolembedwa komanso kamakina koyezera shuga kunyumba. Mankhwala a gulu la empagliflozin ndi dapagliflozin amasiyidwa masiku osachepera atatu opaleshoni isanachitike, chifukwa akhoza kuyambitsa asidi woopsa m'magazi ngakhale shuga asanakwere. Kayezetseninso maso, popeza shuga akatsika mofulumira matenda a maso obwera ndi shuga amatha kukula kwa kanthawi mwa amene anali nawo kale.

Ngati shuga wanu ndi wa zaka zochepa, funsaninso za njira zosadula. Ku Britain, kafukufuku wa DiRECT anasonyeza kuti 46 pa 100 aliwonse amene anatsatira kadyedwe kochepetsa thupi moyang'aniridwa shuga wawo anali atakhazikika popanda mankhwala patatha chaka, ndipo jakisoni wa semaglutide kapena tirzepatide amatsitsa shuga ndi thupi lomwe, ngakhale kuti ndi wokwera mtengo ndipo thupi limabwerera munthu akasiya. Mukatsimikiza za opaleshoni, funsani dokotalayo kuti amachita maopaleshoni angati a mtundu umenewo pa chaka, chifukwa chimene wakusankhirani umenewo osati winawo, ndiponso amene mudzamuimbire vuto likabuka mutabwerera kwanu. Tengani kalata yofotokoza opaleshoni imene yachitika, mavitamini oyenera ndi magazi ofunika kuyezedwa, mukaipereke kuchipatala chimene mumalandirako mankhwala a shuga, ndipo dzina lanu lisachotsedwe m'kaundula wa kumeneko ngakhale HbA1c itatsika pansi pa 6.5 popanda mankhwala, chifukwa maso, impso ndi mapazi ziyenera kuyezedwabe chaka chilichonse.