Musanamange katundu chifukwa cha mndandanda wa mizinda yabwino

Ndinali kuusa mvula pakhonde la golosale ina kufupi ndi msika wa Taifa pamene foni inalira. Anali alamu anga a ku Joni, ndipo moni sanamalize n'komwe. "Alamu, mwaona zimene ndakuponyerani pa WhatsApp? Akuti Copenhagen ndiye mzinda wokoma kukhalamo kuposa yonse. Ine kuno kwandikwana, ndikufuna ndikayesere kwina." Ndinawafunsa kuti chipinda chimodzi kumeneko lendi yake ndi zingati. Anangoti zii, kenako n'kuphulika kuseka.

Mndandanda umene anaonawo si wabodza. Umatuluka chaka ndi chaka kuchokera ku bungwe lochita kafukufuku la Economist Intelligence Unit, ndipo amayika mizinda 173 pa sikelo. Mu 2025 Copenhagen, likulu la Denmark, inalanda mpando kwa Vienna ya ku Austria, imene inali pamwamba kuyambira 2022. Melbourne inaukhalirapo zaka 7, kuchokera 2011 mpaka 2017. Amayang'ana bata ndi chitetezo, zipatala, maphunziro, chikhalidwe ndi chilengedwe, komanso misewu, madzi ndi magetsi.

Funso loti mudzifunse n'lakuti sikeloyo anaipangira yani. Anaipangira makampani amene amatumiza antchito awo kunja, kuti adziwe ndalama yowonjezera yopatsa munthu amene akupita kumalo ovuta. Mndandanda wina wotchuka, wa kampani ya Mercer, ntchito yake ndi yomweyo, ndipo mizinda yonse amaiyerekeza ndi New York. Ndiye kuti amene akumuganizira ndi bwana woti nyumba, sukulu ya ana ndi inshuwalansi walipiriridwa kale. Inu wogwira shifiti ya usiku posamalira okalamba, kapena wotchetcha kapinga m'mayadi, simunali m'mutu mwawo. Kudula kwa zinthu sikuli pa sikelo ya Economist imeneyi, ali ndi kafukufuku wina wapadera wa zimenezo. N'chifukwa chake Zurich imapezeka konsekonse: pa mizinda yokoma ilipo, ndipo mu 2023 inalinso pamwamba pa mizinda yodula limodzi ndi Singapore.

Tengani Vienna. Chimene amaitamira kwambiri ndi nyumba za khonsolo ndi zina zothandizidwa ndi boma, zimene lendi yake ndi yofewa. Koma kuti mulembetse nyumba ya khonsolo muyenera kukhala mutakhala kale mumzindamo zaka 2, ndiponso muli ndi mapepala a mtundu woyenera. Wobwera kumene amayambira kwa malandilodi wamba, komanso ndi Chijeremani chimene sanachiphunzire. Ubwino ulipo ndithu, kungoti si wanu tsiku lofika.

Ife a kuno ku Mzuzu tikanayenera kuzimvetsa msanga zimenezi. Munthu akati "Mzuzu ndi wabwino", mufunseni kuti amagona kuti. Wa ku Katoto ndi wa kumatsitso a ku Masasa kapena Mchengautuwa onse amalemba Mzuzu pa adiresi, koma mvula ikagwa masiku atatu osakata, wina amangotseka mawindo, winayo amagona khutu lili kuchipupa. Wakabaza amakweza mtengo, nsapato zimalemera ndi matope musanafike patala. Kunjanso n'chimodzimodzi. Munthu sakhala mu London kapena mu Cape Town. Amakhala mumsewu winawake, pafupi kapena patali ndi siteji. Nambala imodzi ya mzinda wonse imabisa zonsezi.

Tsono muyese bwanji? Yambani ndi mapepala, chifukwa mzinda wokoma umene simuloledwa kugwiramo ntchito ndi ndende yopentedwa bwino. Malamulo ake amasinthanso mosachenjeza: ku UK, kuyambira mu March 2024 olowa pa viza yosamalira okalamba ndi odwala analetsedwa kubweretsa mabanja awo. Mndandanda uliwonse sunasinthe nambala chifukwa cha zimenezo, koma maukwati ambiri anagwedezeka.

Kenako tengani pepala ndi cholembera. Lembani malipiro a pamwezi msonkho utachotsedwa kale, osati amene alembedwa pa chilengezo cha ntchito. Chotsani lendi, thiransipoti, magetsi, zotenthetsera nyumba ngati kuli kozizira, chakudya ndi foni. Chotsalacho ndiye nambala yanu, ndiyo imene idzadutse pa Mukuru kukafika pa Mpamba kapena Airtel Money ya amayi. Ndaonapo anthu m'matauni ang'onoang'ono osatchulidwa pena paliponse akumanga nyumba ku Luwinga, anzawo a m'mizinda ya mayina akungolipira lendi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mitengo ya pa Numbeo, tsamba loyerekeza kudula kwa zinthu m'mizinda, ingakupatseni chithunzi, koma dziwani kuti amalemba ndi anthu wamba a pa intaneti. Itsimikizeni pofunsa munthu amene walipira lendi mwezi uno.

Za basi funsani molunjika: kodi imayenda 5 koloko m'mawa Lamulungu? Shifiti zathu zimakhala nthawi zoterozo.

Chimene ine ndimachiyika patsogolo, ngakhale palibe amachiwerengera, ndi anthu. Mukadwala adzakuphikirani phala ndani? Zikavuta, ndani adzayendetse mbale ya chipepeso kuti thupi lifike kumudzi? Kunyamula maliro kuchokera kunja ndi ndalama zoti banja limodzi silingazikwanitse lokha, n'chifukwa chake magulu a Amalawi osonkherana za maliro ndi mipingo yathu n'zofunika kuposa mapaki ndi nyumba za zisudzo zimene amapatsira mamalikisi. Joni ili ndi minga yake. Tonse tikukumbukira mabasi amene anabweza abale athu mu 2008 ndi 2015 eni dziko ataukira alendo. Komabe kumeneko alamu anga akatuluka panja amamva Chichewa ndi Chitumbuka, ufa amaupeza pakona, ndipo kumudzi kukagwa zovuta amakwera basi. Ku Copenhagen ayamba kufunafuna kuti ufa amagulitsa kuti.

Nyengo musaipeputse. Timadzitama kuti ife a ku Mzuzu chisanu cha June tinachizolowera, koma ku Denmark mu December kumawala maola 7 okha patsiku, ndipo mdimawo umalowa mpaka mumtima. Mzinda wotamandidwa ukhozanso kusintha mwadzidzidzi: mu 2018 anthu a ku Cape Town anauzidwa kugwiritsa ntchito malita 50 okha a madzi patsiku munthu mmodzi.

Mvula itakata ndinawauza alamuwo kuti apeze kaye Mmalawi mmodzi wokhala kumene akufunako, amufunse za lendi, za mapepala ndi za basi ya m'mawa, kenako andiimbirenso. Patha milungu itatu. Dzulo anatumiza uthenga wofunsa mtengo wa malata kuno.